Lamulungu aleluya, Lolemba ndowa yophwanyika

Inu amene mumalawirira kumsika mukudziwa zimene zimachitika dzuwa lisanatuluke. Mayi amafika pabenchi pake, kutula dengu, kusesa pamalo, kenaka nkuweramitsa mutu. Ena amasanjika dzanja pakatundu, milomo ikugwedezeka. Ena ali ndi kabotolo ka madzi odalitsidwa kamene amawaza patomato ndi pandalama za tchenji. Bambo wa m'butchala amayamba watsegula wailesi, nyimbo zauzimu zili pokopoko, asanapachike ndi mwendo umodzi womwe wa mbuzi. Pahokala, paminibasi, pangolo ya makala, dzina la Mulungu lalembedwa ndi penti yofiira. Mlendo atafika m'misika yathu nthawi imeneyi akhoza kuyesa kuti walowa m'tchalitchi.

Tsono ameni akangotha, dzanja lomwe lija linali kumwamba limatsika nkutenga ndowa. Ndowayo adaimenya ndi hamala kunsi kwake kuti ilowe m'kati. Dzanja lomwelo limatenga tomato wofewa nkumubisa pansi pa mulu, wonyezimira pamwamba, chikomekome cha mkuyu. Limakhudza kachitsulo ka kuseri kwa sikelo. Zonsezi zikuchitika nyimbo ya pawailesi ija isanathe.

Musakwiye msanga, abale anga. Sindikulemba ngati munthu wongodutsa pamsika atamanga taye. Ine ndakulira kuseri kwa benchi, ndipo dzanja ndikunenali ndi langa lomwe.

Zigoba ziwiri

Ndili Fomu 2, patchuthi chachikulu, ndinkathandiza azakhali anga amene amagulitsa nyemba, mpunga ndi mtedza pamsika wina mumzinda wa Blantyre. Tsiku loyamba lenilenilo adandionetsa zigoba ziwiri za malita 5, zofanana mtundu ngati mapasa. China adachiviika m'madzi otentha nkuchifutukula mimba. Chimenechi chinali chopikulira, chopita nacho kwa alimi kumudzi. Chinzake adachiwamba pamoto pang'ono nkukankhira kunsi kwake m'kati. Chimenechi chinali chogulitsira. Adandichenjeza kuti tsiku limene ndidzasokoneze zigobazi ndidziwe kuti ndataya fizi yanga ndekha. Sadanene monong'ona ayi. Adanena ngati mmene munthu amakuuzira pamene pamakhala tsache, pakuti mzere wonsewo unkachita chimodzimodzi.

Azakhaliwa sanali munthu wotayirira. Anali, ndipo akadali, mayi wa yunifolomu kumpingo kwawo. Lachinayi lililonse masana ankandisiyira benchi nkupita kumapemphero a amayi. Chakhumi sankaphonya. Munthu akadwala m'dera mwathu, oyamba kufika ndi phala anali iwo.

Lachinayi lina, iwo atachoka, padafika gogo wina wa mumpingo womwewo, maso ali psuu. Mdzukulu wake anali atamwalira usiku, ndipo ankafuna zigoba zisanu za nyemba za pamaliro. Ndalama zake zinali zomanga pansonga ya chitenje, zokwinyikakwinyika, zoonekeratu kuti anthu achita kusonkha. Adati wadutsa mabenchi ena onse dala chifukwa mwini wake wa benchi ili ndi mnzake wa mwa Ambuye. Ine ndidatenga chigoba chimene adandiphunzitsa, nkupima kasanu, nkuwonjeza kadzanja ka basela. Gogoyo adathokoza mowomba m'manja.

Madzulo ake azakhali adapita kusiwa komweko, atavala zoyera, kukayimba ndi kuthandiza kuphika. Ine ndidatsatira nditasenza nkhuni. Amayi a kukhitchini, pofuna kugawa za lero ndi za mawa, adathira nyemba zija m'chigoba cha pakhomopo. Zidakwana zinayi ndi kapang'ono. Wina adafunsa kuti kodi nyembazi mwagula kwa ndani, akuberanitu. Gogo uja adayankha kuti ayi, kumene ndagulako sangandibere, ndi munthu wopemphera ameneyo, kaya mwina thumba linali lobooka zatayikira m'njira.

Azakhali anali chiimire pomwepo, mthiko uli m'manja. Palibe amene adawayang'ana. Nyimbo zitayambika m'nyumba ya siwa, iwo amene nthawi zonse ndiwo amayambitsa sadatsegule pakamwa usiku wonse.

Akuba ndani?

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 77 ndi Akhristu ndipo pafupifupi 14 ndi Asilamu. Akatolika paokha ndi 17, a CCAP 14. Amene adanena poyera kuti sapembedza konse ndi awiri okha. Tsono tawerengani nokha. Amene akuthira madzi mumkaka ndani? Amene akusakaniza mchenga mufeteleza, timiyala m'nyemba, mpunga wamba mu kilombero? Amene amadzaza pansi pa thumba la makala ndi fumbi? Anthu awiri pa 100 aja sangaithe ntchito yonseyi, ngakhale atamagwira usana ndi usiku. Ndife tomwe, ife a mabaibulo okhala ndi zipi.

Nkhaniyi si ya lero. Zaka zoposa 700 Yesu asanabadwe kunali munthu wina dzina lake Amosi, wa kumudzi wa Tekowa, woweta nkhosa ndi wosamalira mitengo ya nkhuyu. Sukulu ya ubusa sadapiteko. Masiku amenewo, mu ulamuliro wa mfumu Yerobowamu wachiwiri, dziko la Israele wa kumpoto linali pabwino. Malonda ankayenda, olemera ankamanga nyumba zamakono, ndipo malo opembedzera a ku Beteli ankadzaza. Nsembe zinalipo, chakhumi chinalipo, oyimba analipo. Kunena mwa masiku ano, chitsitsimutso chinali chitafika.

Woweta nkhosayu adafika pakati pa chisangalalo chimenechi nkuwauza kuti Mulungu watopa nazo nyimbo zawo. Werengani mutu 5 wa buku lake mudzionere. Pamutu 8 ndiye adalowa mumsika mwenimweni. Adafotokoza za amalonda amene amakhala m'mapemphero matupi okha, mtima ukuwerenga maola kuti Sabata lithe liti akamasule matumba. Adatchula ndi machenjera awo: kuchepetsa chopimira tirigu, kulemeretsa mwala woyezera ndalama, kupotoza sikelo, ndi kugulitsa ngakhale zinyalala zosesa pansi. Paja nthawi imeneyo ndalama sinali yowerenga ngati makwacha athuwa. Wogula ankaika siliva pasikelo, wogulitsa nkuika mwala mbali inayo. Mwala ukalemera, wogula amathira siliva wochuluka. Choncho mmphawi ankaberedwa kawiri pamalonda amodzi: tirigu wochepa, ndalama yambiri.

Mukuganiza kuti adamuombera m'manja? Wansembe wamkulu wa ku Beteli, Amaziya, adakamuneneza kwa mfumu nkumuuza kuti abwerere kwawo ku Yuda, azikalalikira kumeneko.

Chimene chidandidabwitsa kwambiri ndidachipeza ndili wamkulu kale, pa Deuteronomo 25 kuyambira ndime 13. Lamulo la pamenepo limaletsa munthu kusunga miyala yoyezera ya mitundu iwiri m'thumba mwake, ndi zopimira za mitundu iwiri m'nyumba mwake, chachikulu ndi chaching'ono. Ndidaseka ndekha ngati wamisala. Zigoba za azakhali zili m'Baibulo! Pa Levitiko 19, mutu womwewo umene umakamba za kukhala oyera ndi kukonda mnzako, ndi umenenso umakamba za sikelo. Ndipo pa Miyambo 11 sikelo yobera amaitchula ndi liwu loopsa lomwe limagwiritsidwa ntchito ponena za kupembedza mafano. Ife tidagawa machimo m'magulu: mowa, fodya ndi chigololo tidaziika pamwamba, ndowa tidaiika pansi nkuitcha nzeru za geni. Baibulo silidagawe chotero.

Nanga tidye chiyani?

Ndikudziwa zimene mukunena pamene mukuwerenga nkhaniyi, mwina mutaitenga kwa mnzanu wa benchi loyandikana. Mukuti mnyamata iwe, kulemba nkosavuta, tabwera udzakhale pano tsiku limodzi. Ndipo mukunena zoona.

Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Amene mudali ndi mpamba wokwana mabelo awiri a kaunjika mudadzuka muli ndi wa belo limodzi, osalakwira munthu. Belo lomwelo mumagula lomata, mutalipira mtengo wa giredi yoyamba, kukalitsegula nkupeza theka ndi sanza. Kodandaula kulibe. Wa galimoto amakweza mtengo nkunena kuti wagona pamzere wa mafuta. Wa khonsolo amadula chiphaso m'mawa musanagulitse ndi kanthu komwe, pamene chimbudzi cha pamsika chili chosalowamo munthu. Kasitomala naye amanenerera mpaka phindu lonse litatha, ndipo mukamuuza mtengo weniweni wa chigoba chodzadza amapita kwa mnzanu wa chigoba chophwanya, amene akuoneka wotchipa. Woona mtima pamsika amaoneka wodula. Pamenepa ndi pamene pali fupa.

Choncho sindikunena kuti wogulitsa tomato ndiye mbava yaikulu m'dziko muno. Kutalitali. Amene adaba mabiliyoni ku Capital Hill pankhani ya Cashgate ya mu 2013 sankagulitsa usipa. Amosi uja mkwiyo wake waukulu unali pa akuluakulu, ogona pamabedi a minyanga ya njovu. Koma vuto la kuba kwa pamsika ndi loti sikubwezera amene wakubera. Mwini mabelo akakupweteka, iwe sukapweteka mwini mabelo. Umapweteka gogo wa maliro uja. Mkwapulo umangotsika, kuchoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, mpaka ukathere pamsana pa amene alibe woti amukwapule.

A bungwe la Malawi Bureau of Standards ali ndi udindo woyeza masikelo a malonda nkuikapo chidindo. Ndi ntchito yabwino. Koma chigoba, ndowa, mbale ndi mulu zilibe chidindo, ndipo sadzabwera munthu wa boma kudzayeza mulu wa bonya. Pamenepo woyang'anira ndi mmodzi yekha, yemwe uja mudamuitana nokha m'mawa kuti akhale nanu pabenchi.

Tsiku limene mapemphero adatuluka panja

Akuluakulu amene munalipo mukukumbukira Lamulungu la pa 8 Malichi 1992. Ine ndinali ndisanabadwe, koma nkhani yake ndaimva kambirimbiri. Tsiku limenelo m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse muno mudawerengedwa kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti. Anthu adapita kukapemphera monga mwa masiku onse, koma zimene adamva zinali za malipiro ochepa a anthu apantchito, mitengo yotsika imene alimi ankalandira pa mbewu zawo, kusiyana kwa olemera ndi osauka, ziphuphu, kukondera, kusowa kwa mankhwala m'zipatala ndi mantha oletsa munthu kulankhula. Kunena mwachidule, maepiskopiwo adatenga sikelo ya dziko lonse nkuiika paguwa.

Boma la nthawiyo lidati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka, kumene idasindikizidwa, adatenthedwa. Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko muno. Arkiepiskopi James Chiona ndi anzake adaopsezedwa. Mu Meyi chaka chomwecho ogwira ntchito ku David Whitehead mu Blantyre adanyanyala ntchito, ndipo moto udafalikira. Mipingo ina, kuphatikizapo CCAP ndi Anglican, pamodzi ndi Asilamu, idalowa m'bwalo kudzera mu Public Affairs Committee. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavotera matipate.

Taonani bwino apa. Zaka zonse zija matchalitchi ankadzaza Lamulungu lililonse, nyimbo zikuyimbidwa, ndipo palibe wa mphamvu amene adasowa nazo tulo. Tulo tidasowa tsiku limene opemphera adafunsa za malipiro ndi mitengo. Ufulu umene uli kutilola kulemba ndi kuwerenga nyuzipepala ngati ino udayambira pamenepo. Nzomvetsa chisoni kuti ife amene tidaombera m'manja maepiskopi pofunsa sikelo ya boma, sitifuna kuti munthu afunse yathu.

Ngongole za abale mwa Ambuye

Tsopano nditembenukire kwa inu ogula, pakuti nanunso mumawerenga. Funsani mayi aliyense wa pamsika kuti akuonetseni kakope kake ka ngongole. Mayina ambiri m'menemo si a zidakwa ayi. Ndi a anthu a mumpingo. Amabwera ndi moni wa mtendere, kutenga mpunga, mafuta ndi nsomba, nkunena kuti mwezi ukatha. Mwezi umatha, wina umatha. Lamulungu mumakumana pakhomo la tchalitchi, iye ali mu suti yatsopano, nkukupatsani dzanja ngati palibe nkhani. Tsiku la pepa sande ndi yemwe uja akuvina kupita kutsogolo, akuponya ndalama imodziimodzi kuti anthu aone bwino, dzina lake likulengezedwa pa maikolofoni. Inu muli pampando kumbuyo mukudziwa kuti akuponyayo ndi mpamba wanu. Mukakamukumbutsa, mwasanduka wopanda chikondi. Akakhala mkulu wa mpingo kapena mayi busa ndiye basi, ingolembani m'madzi.

Yesu adaikamba nkhani imeneyi pa Mateyu 5. Adati munthu akafika ndi chopereka paguwa nkukumbukira kuti pali mnzake amene ali naye chifukwa, asiye kaye choperekacho akakonze nkhaniyo. Ndiye kuti pali nthawi imene Mulungu amasankha kudikira kuti mayi wa mpunga alandire kaye zake. Zakeyu wa ku Yeriko, wokhometsa msonkho uja, atakumana ndi Yesu sadayambe ndi kulowa kwaya. Adayamba ndi masamu: theka la chuma kwa osauka, ndipo aliyense amene adamubera amubwezere kanayi. Ndikadakonda kumva umboni wotere tsiku lina m'tchalitchi, m'malo mwa maumboni a galimoto ndi maviza.

Ndipo ife a pabenchi tisaiwale amene ali pansi pathu. Mnyamata wa ganyu amene wasenza matumba kuchokera kudepoti, timamuuza kuti abwere madzulo, madzulo nkumuuza kuti mawa. Kamtsikana kamene tidakatenga kumudzi ponena kuti tikaphunzitsa sukulu kakugulitsa mandasi chaka chachitatu tsopano. Deuteronomo 24 amalamula kuti waganyu wosauka alandire zake tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ndipo Yakobo 5 amati malipiro obisidwa amakuwa okha.

Mbewu, mafuta ndi zithumwa

Pali inanso mbali imene ikutha mipamba ya anthu mwakachetechete. Malonda akavuta, munthu amafuna thandizo lachangu. Kale ankapita kwa asing'anga kukatenga kachithumwa kokwirira pansi pa benchi. Ambiri sadasiye, amangopita usiku. Koma lero kudabwera njira ina yovala jekete. Mneneri amakuuza kuti geni yako adaimanga ndi mnzako wa benchi loyandikana, ndipo kuti imasuke ufese mbewu, ndalama yowawa kuipereka. Umagula mafuta, umagula madzi, umagula sitika yomata pahokala. Ena amafika pokatenga katapila kapena ngongole ya banki m'khonde kuti akafese. Mwezi ukatha, mneneri wasintha galimoto, iwe a banki m'khonde akuzula malata.

Sindikunena abusa onse. Alipo ambiri amene amayenda wapansi ndi panjinga, kugona pamaliro a anthu osawadziwa, ndipo sapempha kanthu. Koma munthu aliyense wa geni amadziwa kusiyanitsa mpamba ndi phindu, ndipo amadziwa kuti wodya mpamba watseka benchi. Wokuuzani kuti mupereke mpamba kuti Mulungu akubwezereni kakhumi akukuyesani kasitomala, ndipo Mulungu akumuyesa wa katapila. Choipa china nchakuti uneneri wotere umakudanitsani ndi mnzanu amene mwakhala naye zaka khumi, amene amakusungirani katundu mukapita kuchipatala. Dzulo anali mnansi, lero ndi mfiti. Chithumwa ndi kabotolo ka mafuta zimagwirizana pamfundo imodzi: zonse zimalonjeza kusintha malonda popanda kusintha wogulitsa.

Zimene ndaona ndi maso

Kuti ndingonena zoipa zokhazokha ndikhala wabodza, ndipo ndikhala ndapima ndi chigoba chophwanya. Msika womwewu ndi kumene ndaona chipembedzo chimene sindinachione kwina.

Mnzathu akamwalira, kapena akaferedwa, mbale imayenda mzere ndi mzere. Wa makala amachotsa thumba, wa kabichi mitu ingapo, wa ufa ndowa, ndipo pamenepo ndowa yake imakhala yabwinobwino. Anthu amatseka mabenchi tsiku lathunthu, tsiku limene likadawapatsa chakudya cha ana, kuti akaperekeze munthu amene sanali mbale wawo. Msika ukapsa, monga yakhala ikupsera misika yathu, amene katundu wawo wapulumuka amagawira anzawo poyambira. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri mu Malichi 2023 nkupha anthu oposa 1,000, kuphatikizapo amene sadapezeke, anthu a ku Chilobwe ndi madera ena adathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Magalimoto a mabungwe asanafike, oyamba kufika anali anthu wamba atasenza ufa, zovala ndi mapoto. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika, a m'miphakati ya Katolika, amadziwika ndi ntchito zoterezi kuyambira kale, ndipo ambiri mwa iwo ndi inu nomwe a pamsika.

Pali mayi wina wogulitsa zitumbuwa amene ndimamudziwa. Madzulo alionse zotsala sapita nazo kunyumba kuti akazitenthetse mawa. Amaitana ana ongoyendayenda aja, amene ife timawathamangitsa, nkuwagawira. Sanajambulitsepo chithunzi. Palinso bambo wina wa Chisilamu wogulitsa nsomba zouma, amene Lachisanu akapita kumzikiti amasiyira benchi mnzake wa Seventh Day, ndipo Loweruka iye amayang'anira katundu wa mnzakeyo. Zaka zonsezi sipadasowepo ndi khobidi lomwe. Za ziphunzitso amatsutsana mpaka thovu kukamwa, koma thumba la ndalama amasiyirana osawerenga. Ine ndikawaona ndimachita manyazi ndi ife a mpingo umodzi amene sitingasiyirane ngakhale tchenji.

Musaiwalenso kuti anthu a geni ali m'Baibulo momwemo, ndipo sali kumbuyo. Lidiya wa ku Tiyatira, amene Paulo adakumana naye m'mbali mwa mtsinje ku Filipi, anali wogulitsa nsalu zofiirira zamtengo wapatali, ndipo mpingo wa mumzindawo unkasonkhana m'nyumba mwake. Dorika wa ku Yopa anali wosoka. Atamwalira, akazi amasiye sadafotokoze za mapemphero ake aatali. Adangoonetsa Petro malaya amene adawasokera. Paulo mwini wake ankasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akwila ndi Priskila kuti asalemetse anthu. Ndipo Yakobo, pofotokoza chipembedzo chimene Mulungu amachilandira kumapeto kwa mutu woyamba wa kalata yake, adatchula ana amasiye ndi akazi amasiye. Za kutalika kwa ovanaiti sadanenepo.

Apa wina asandimve molakwa nkukauza abusa ake kuti nyuzipepala yati tisiye kupita kutchalitchi. Ayi ndithu. Pitani, yimbani, kwerani phiri la Bunda kapena la Soche ngati mtima wafuna, perekani chakhumi. Munthu amene sapeza nthawi yokhala chete pamaso pa Mulungu sachedwa kuyesa kuti ndalama ndiyo mulungu. Azakhali anga akadapanda kukhala munthu wa tchalitchi, mawu a gogo uja sakadawalasa. Akadangoti geni ndi geni. Nyimbo zonse zija, maulaliki onse aja, zinali zitaunjikana m'kati kudikira tsiku lake. Koma tawerengani maola. M'tchalitchi timakhalamo maola atatu kapena anayi pasabata. Pabenchi timakhalapo kuyambira mbandakucha mpaka mdima, masiku asanu ndi limodzi. Ngati Mulungu tamupatsa maola anayi okha nkumuuza kuti enawo asalowerere, ndiye kuti tamupimira ndi chigoba chiti?

Kunena za azakhali aja, sadaimirire pamaliro nkuulula, ndipo gogo uja adamwalira osadziwa chilichonse. Chimene adachita nchakuti tambala woyamba atalira adandidzutsa, tidapita kumsika kukadali mdima, adapima zigoba ziwiri za nyemba ndi chopikulira chija, nkundisenzetsa. Tidakazisiya kukhitchini ya pamaliro anthu asanadzuke. Pobwerera sitidalankhulane.

Sabata yotsatira adagula chigoba chatsopano, chimodzi, chogulira ndi kugulitsira chomwecho. Adakweza mtengo pang'ono kuti asagwe. Makasitomala ambiri adathawira kwa anzawo, ndipo amayi a mzere umenewo adawaseka kuti asanduka abusa. Ena adakwiya nawo kwenikweni, poti chigoba chawo chikaima pafupi ndi zinazo chinkaulula anthu. Teremu imeneyo fizi yanga idachedwa, ndidabwezedwa kusukulu kawiri, ndipo ndisaname, ndidawakwiyira. Patapita miyezi kudayamba kubwera amayi ena ophika m'malesitilanti, amene amapimanso katundu akafika kwawo, ndipo mpaka lero amagula pomwepo. Koma kulemera sadalemere. Akadali pabenchi lomwe lija, denga lake likudonthabe.

Chigoba chophwanya chija sadachitaye. Adachidula pakati ndi mpeni, ndipo chili kuseri kwa nyumba yawo. Nkhuku zimamweramo madzi.